Dothi Lotsekemera la ku Mabatire

Dzuwa likangoyamba kuluma, chiswe chachitsulo chinkadzuka. Chinkatuluka m'mabokosi ake obiriwira chili piringupiringu, miyandamiyanda, kamodzi kukula kwake ngati njere ya mpunga, n'kuyanika misana padzuwa mphindi khumi kuti chitape mphamvu. Chikakhuta chinkalowa pansi. Munthu akaima chete pamalopo ankamva kaphokoso ngati ka mafuta m'chiwaya, kochokera kunsi kwa mapazi ake. Pofika masana, pakati pa munda pankakhala patamera chulu chatsopano, chotuwa, chosalala ngati wina wachizira ndi manja, chofika m'chiuno.

Dera limeneli linkatchedwa Mabatire. Dzina lake lenileni linaiwalika, chifukwa kwa zaka makumi anayi anthu a kumeneko ankakhalira kuphwanya mabatire akutha a galimoto ndi a sola, kuchotsamo mtovu wogulitsa, zotsalazo n'kutaya pomwepo. Mtovu ndi chitsulo cholemera, chofewa, ndipo suwola. Ukalowa m'dothi umangokhala phee, kudikira mwana wokwawa. Ukalowa mwa mwanayo suchita phokoso. Mwana amakula, amathamanga, amadya bwino, koma mutu umatsalira m'mbuyo. Aphunzitsi a ku Mabatire anathyola ndodo zambiri asanadziwe kuti vuto silinali ulesi.

Ndiye m'chaka cha 2068 kunabwera chiswe chija. Kamakina kalikonse kanali ndi kathumba ka madzi owawasa, a mtundu umodzi ndi viniga. Kankalavulira madziwo m'dothi, mtovu n'kusungunuka, iko n'kuunyamula pamodzi ndi dothi losalala kwambiri kukaunjika pachulu. Munda unkatsala wabwinobwino, poizoni yense ali pamalo amodzi. Miyezi itatu iliyonse lole ya kampani imene inabweretsa chiswecho inkayenera kudzagumula zuluzo n'kukazikwirira m'konkire kutali ndi anthu. Chaka choyamba inabwera kanayi. Chachiwiri inabwera kawiri. Chachitatu kunangobwera uthenga wopepesa, wolembedwa bwino ndithu.

Woyang'anira zonsezi anali Yotamu Kalimanjira. Papepala anali katswiri wa za nthaka, koma anthu ankangoti mbusa wa chiswe, iyenso anasiya kukana. Anali atadutsa zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo anali wotopa, kutopa kuja kosachoka ndi tulo. M'mawa uliwonse ankayenda munda ndi munda atagwira ndodo yake yoyezera, imene inkalira ngati mwanapiye ikanunkhiza mtovu. Masana ankalemba malipoti opempha lole. Makina a kulikulu ankamuyankha nthawi yomweyo, mwaulemu, kuti pempho lake lalandiridwa ndipo likuonedwa.

Za chitetezo, palibe anganene kuti sizinaganiziridwe. Ntchito isanayambe, amuna asanu ndi anayi, Yotamu mmodzi wa iwo, anabindikira masiku atatu m'hotela mumzinda, kusinkhasinkha chilichonse chimene munthu wakumudzi angachite ndi chulu. Anatulukamo ndi chikwangwani chonyaditsa. Pamwamba panali zilembo zikuluzikulu: CHISWE CHOYERETSA DOTHI. Pansi pake: Osaumba njerwa. Osazira nyumba. Osaumba mbiya. Osabzala maungu pachulu. Za maunguzo anakumbutsa ndi Yotamu, ndipo anzake anamuwombera m'manja kuti amawadziwa anthu ake. Mawu oti poizoni anawachotsa, ati angaopseze anthu n'kuyamba kukana ntchito yonse. Zuluzo anazitchinga ndi waya, amene anakhala dzinja limodzi asanasanduke makola a nkhuku.

Koma chimene chinkamutopetsa Yotamu koposa zonse chinali Lachitatu. Kampani inalamula kuti tsiku la msika katswiri azikhala pansi pa mtengo wa mango kuyankha mafunso a anthu. Pachipata cha msika anapachikapo kabokosi. Sabata yonse aliyense ankatha kunong'oneza funso lake mmenemo, ndipo Lachitatu kabokosiko kankawerenga mafunsowo mokweza, ndi mawu akeake, osatchula mwini funso. Poyamba Yotamu ankayesa kuti anthu azifunsa za mtovu. Anthu ankafunsa zonse za pansi pa thambo kupatula mtovu.

Lachitatu lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kabokosi kanayamba monga mwa masiku onse.

"Chifukwa chiyani anyezi amaliza munthu?"

"Mukamudula amatulutsa mpweya woyabwa," anayankha Yotamu, maso ali pansi. "Ukafika m'diso, diso limadzitsuka lokha ndi misozi. Nolani mpeni, mudzalira pang'ono. Lina."

"Bwanji mphezi imayamba kung'anima, kugunda n'kubwera pambuyo?"

"Zimanyamukira limodzi, koma kuwala kumathamanga kuposa phokoso. Limeneli ndinayankha mwezi watha. Lina."

"Bwanji madzi a mumtsuko amazizira, a m'chigubu ayi?"

"Mtsuko umachita thukuta. Thukutalo likamauma limapita ndi kutentha, monga limachitira pathupi panu. Lina."

"Tamva pawailesi kuti apeza tizilombo tamoyo pansi pa madzi oundana kumwezi wina wakutali. Kodi tibwera kuno?"

"Sitibwera. Lole ya kampani yomwe ikukanika kufika kuno."

Anthu anaseka, ndipo Yotamu anapukuta thukuta ndi chipewa. Mafunso anapitirira: za dzimbiri, za bilimankhwe, za chifukwa chake mkaka umasasa. Kukhosi kunauma gwa. Funso la makumi awiri ndi chisanu ndi chimodzi linali lomaliza.

"Chifukwa chiyani dothi lina limatsekemera?"

Amuna omwe anakhala kutsogolo anaseka chikhakhali. Amayi kumbuyo sanaseke, koma Yotamu sanazione zimenezo. Anali atazolowera kuti pa mafunso makumi awiri aliwonse, atatu amakhala ochokera kumowa.

"Dothi silitsekemera," anatero. "Amene wafunsayo azitsuka lilime akamaliza kumwa tiyi. Tatseka."

Anapinda mpando wake n'kumapita, mumtima akukondwa pang'ono kuti wawaseketsa anthu.

Kunyumba kunali chinthu chimodzi chimene Yotamu sankatopa nacho, ngakhale sankachitchula. Mkazi wake Elube, amene iye ankamuitana kuti a Nangozo, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Katatu konse m'mbuyomu anapita padera, mpaka anthu anasiya kufunsa, achibale anasiya kunong'ona. Tsopano, onse atataya mtima, mimba iyi inagwira. Awiriwo sankaikamba. Zotere sizikambidwa, kuopa kuti zingamve n'kubwerera.

Yotamu ankangoiteteza m'njira imene ankaidziwa. Nsapato zakuntchito ankavulira kumpanda. Madzi akumwa ankasefa kawiri. Masamba ankakagula kumsika wakutali, ulendo wa ola lathunthu panjinga. Pansi pa nyumba yonse anayezapo ndi ndodo ija, mpaka kuseri kwa kabati. Ankadziwa kuchuluka kwa mtovu m'munda uliwonse wa ku Mabatire, koma chimene mkazi wake ankamanga pamfundo ya chitenje sankachidziwa. Mwamuna wolongosoka sasuzumira mmenemo.

Patapita masabata atatu, Loweruka masana, loko ya kuofesi inakana kutseguka, moti Yotamu anabwera ndi ndodo yoyezera kunyumba. Anapeza Elube atakhala pakhonde, akusankha nyemba. Anatsamiritsa ndodo pakhoma pafupi naye, n'kutembenuka kuti akasambe m'manja. Ndodo inayamba kulira.

"Chinthu chanuchi chili ndi njala," anatero Elube.

"Chatopa, ngati mwini wake."

Anaizimitsa n'kuiyatsanso. Inaliranso, kulira kwake kwa pachulu, kothamanga, kosapumira. Anailozetsa pansi, inakhala chete. Anailozetsa m'lichero la nyemba, chete. Pobweza inadutsa pafupi ndi chiuno cha mkazi wake, ndipo inakuwa.

Yotamu anakhala pansi pasimenti pomwepo, chinthu chimene sankachita atavala zakuntchito.

"A Nangozo, pamfundopo mwamangapo chiyani?"

"Ndi za amayi."

"Ndikupempha. Masulani."

Elube anamuyang'ana nthawi yaitali, manyazi ndi mkwiyo zikulimbana pankhope pake. Kenako anamasula. Munali timibulu tinayi ta dothi, totuwa, tosalala, towamba pamoto. Kamodzi kanali kolumidwa theka.

Ndani sadziwa kuti mayi woyembekezera amalakalaka dothi? Yotamu ankadziwa. Amayi ake omubereka ankadya. Amuna asanu ndi anayi aja, onse ndi mataye awo, anabadwa mwa amayi odya dothi la pachulu. Koma ndi zinthu zimene mwamuna amaziona n'kuyang'ana kumbali, ndipo chimene wakhala ukuchiyang'ana kumbali kuyambira ubwana sichikubwerera m'mutu uli m'hotela.

Ananyema kachidutswa n'kuika palilime. Kanatsekemera. Analavula, ndipo phunziro la chaka chake choyamba kusukulu ya ukachenjede linabwerera lonse: mtovu ukakumana ndi viniga umapanga mchere wotsekemera ngati shuga. Funso limeneli analikhoza pamayeso.

"Munayamba liti?"

"Mwezi wachitatu. Nseru inkandizunza, ndipo ili lokha ndi limene linkandikhazika mtima."

"Tsiku lililonse?"

"Tiwiri, titatu. La kutchire lija limakhala ndi mchenga, ndiponso anamwino amati lili ndi njoka zam'mimba. Ili aliyense amati ndi loyera, lotsukidwa ndi makina. Makina anu omwe."

"Bwanji simunandifunse?" Mawu ake anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira. "Mukukhala nyumba imodzi ndi munthu woyeza dothi. Osandifunsa bwanji?"

Elube anamanganso mfundo yopanda kanthu ija pang'onopang'ono.

"Ndinafunsa."

"Liti?"

"Kutsekemerako kunandidabwitsa. Pano pakhomo sindikanatha, zinthu zake n'zochititsa manyazi. Ndiye ndinakanong'oneza m'kabokosi kanu kaja. Lachitatu lake ndinaima kumbuyo, pafupi ndi a tomato." Anatola nyemba imodzi yofumbwa n'kuiponya pabwalo. "Munati ndizitsuka lilime. Ine ndinati basi, ngati katswiri akuseka ndiye kuti palibe choopsa."

Yotamu anawerenga masiku mumtima, kuchokera Lachitatu lija kufika Loweruka limenelo, napeza makumi awiri ndi anayi. Anachita manyazi amene anali asanawamvepo chibadwire, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha.

Kuchipatala, makina oyeza magazi anabaya chala cha Elube n'kutulutsa nambala mphindi isanathe. Namwino, mayi waimvi wovala magalasi, anaiwerenga kawiri, kenako anayang'ana Yotamu.

"Inu ndinu a chiswe aja?"

"Ndine."

"Ndiye nambala iyi mukuidziwa, sindichita kukumasulirani." Anatembenukira kwa Elube. "Mayi, tikugonekani. Tili ndi mankhwala okoka mtovu m'magazi, umatuluka ndi mkodzo. Inu mukhala bwino."

"Nanga uyu?" anafunsa Elube, dzanja lili pamimba. Aka kanali koyamba Yotamu kumumva akutchula mwanayo pamaso pa munthu.

Namwino anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya yunifolomu. "Chimene mayi wadya, mwana wadya. Mtima ukugunda bwino. Manja, miyendo, zonse zilipo, makina akuonetsa. Koma za nzeru makina sanena. Ena amadutsa bwinobwino, ena ayi. Zimaoneka mwana akayamba kulankhula, kufunsa, kuwerenga. Zaka zitatu, zinayi, mwina zisanu ndi chimodzi."

"Zaka zonsezi sitinapange choyezera china?" anafunsa Yotamu. "Anthu akuona tizilombo kumwezi wakutali."

"Chilipo, bambo. Kudikira."

M'mawa mwake Yotamu anasiya mkazi wake ali pa diripi n'kupita kuseri kwa msika, kumene amuna safikako kawirikawiri. Elube anali atamuuza dzina la wogulitsa. Anawapeza mayi Nachisale atayala thumba pansi, atasanjapo timilu ta dothi lotuwa mwaluso ngati tomato.

"Mayi, limeneli mumalitenga kuti?"

"Pa zulu zanu zija, achimwene. Lole yanu ikuchedwa, ndiye ife tikukuthandizani kuchepetsa."

"Chikwangwani simunachione?"

"Ndinachiwerenga chonse, inetu ndinafika sitandade eyiti. Njerwa sindiumba. Kuzira sindizira. Mbiya sindidziwa n'komwe. Maungu ndimabzala kudimba. Pamwamba munalemba nokha kuti chiswe chimayeretsa dothi. Ndiye dothi lotuluka m'kamwa mwa chiswe chomwecho lingakhale lakuda?"

Yotamu anafuna kukalipa, koma anasowa pogwira. Ananjuta pafupi ndi thumbalo n'kuwafotokozera pang'onopang'ono, monga anayenera kuchitira zaka zitatu zapitazo, kuti dothi loyera ndi lotsala m'munda, pamene la pachulu ndiye litsiro lonse la zaka makumi anayi. Anayandikiza ndodo pa kamulu kamodzi kuti adzimvere okha. Nkhope ya mayiwo inagwa.

"Mwana wanga Fanesi wachira mwezi watha, mwana wamwamuna," anatero chapansipansi. "Ndinkamusankhira losalala kwambiri."

Anakulunga thumba lonse n'kumupatsira m'manja.

"Si ine ndekha, achimwene. Tilipo asanu ndi mmodzi. Enanso amabwera kudzapikula, amapita nalo m'tauni pabasi. Kumeneko amati la ku Mabatire ndiye lokoma."

Nkhaniyo inafala, ndipo Lachisanu la sabata yomweyo kunabwera malole asanu ndi awiri, atolankhani ali pambuyo. Chimene malipoti makumi atatu analephera chinatheka m'masiku asanu, ndipo Yotamu analibe ngakhale mphamvu yokwiyira. Zulu zonse zinagumulidwa. Chikwangwani chatsopano chinali ndi mawu awiri okha: POIZONI. OSADYA. Achipatala atayeza amayi a m'deralo anapeza mazana atatu ndi khumi ndi anayi ali ndi mtovu wochuluka m'magazi. A m'tauni palibe anawawerenga.

Akuluakulu anafuna kuchotsa kabokosi ka mafunso, ati kabweretsa manyazi. Yotamu anakana. Lachitatu lililonse ankakhalabe pansi pa mtengo wa mango, koma tsopano funso limodzi linkamutengera nthawi imene kale ankayankhira khumi. Ngakhale lochokera kumowa ankalitembenuza uku ndi uku asanalisiye. Amuna akutsogolo aja anayamba kudandaula kuti mbusa wa chiswe wasiya kuseketsa.

Mwana anabadwa mu Januwale, mvula ikugwa. Anali wamkazi, wolira mokweza, zala zonse zokwanira. Anamutcha Tikhale. Anakwawa nthawi yake, anayenda nthawi yake, ndipo pa chilichonse cha zimenezi Yotamu ankapuma pang'ono, kenako n'kuyambiranso kuda nkhawa ndi chotsatira. Kunja chiswe chinkagwirabe ntchito yake mokhulupirika. Minda inayera. Chaka chimene Tikhale anakwanitsa zaka zitatu, ana khumi ndi awiri a ku Mabatire anasankhidwa kupita kusekondale, ndipo anthu anavina mumsewu. Makina aja anachitadi chimene anawapangira.

Tikhale ankadziwa kunena amama, ababa, madzi, ndi mawu ena owerengeka pazala. Masana ena Yotamu anamukhazika pakhonde, n'kugwiritsa kadzanja kake pamtsuko wozizira, kenako pachigubu chofunda. Mwana anaseka. Yotamu anadula anyezi pamaso pake mpaka iye mwini misozi inatsika. Mwana anamuyang'ana, n'kumupukuta tsaya ndi chikhatho, osanena kanthu.

"Musiyeni mwana, a Kalimanjira," anatero Elube ali pakhomo. "Mukumutopetsa."

"Kamwana ka aneba kaja kayamba kale kufunsa. Dzulo kanandifunsa kuti mwezi umagona kuti."

"Ena amachedwa."

"Eya. Ena amachedwa."

Yotamu anasonkhanitsa anyezi uja m'mbale, n'kumunyamula mwanayo, mutu wake n'kuutsamiritsa paphewa. Unali wofunda, wolemera bwino, ndipo zimene zinali m'katimo palibe makina akanamuuza. Munthu amene anatopa ndi mafunso a dziko lonse tsopano ankadzuka m'mawa uliwonse kudikira limodzi lokha, loti "chifukwa chiyani", kuchokera m'kamwa mwa mwana amene anali asanamufunsebe kanthu.